Mafunso a Owerenga: DAC Yogula Kamodzi n'Kukhala Nayo Zaka Zambiri

FUNSO

A Mkonzi, ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Zomba. Ndili ndi ampulifaya ndi masipika awiri amene ndinagula zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo mpaka lero akulira bwino, koma makina anga oimbira zimbale za CD anafa chaka chatha. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Leeds wandilangiza kuti nyimbo ndizizisunga pa kompyuta, ndipo akufuna kundigulira kachipangizo kotchedwa DAC kolumikiza kompyutayo ku ampulifaya. Wanditumizira zithunzi za mitundu itatu. Pa bokosi la ina palembedwa 24-bit/192 kHz, pa ina 32-bit/768 kHz ndi DSD512, ndipo yachitatu ikudzitama kuti ili ndi MQA. Mitengo yake ikusiyana kutalitali. Sindikufuna kuti mwana ataye ndalama pa chinthu chimene chidzakhale chachikale pakatha zaka zitatu. Kodi ndisankhe ya manambala aakulu kuti ndikhale wokonzekera za m'tsogolo?

Mphunzitsi wopuma, Zomba

YANKHO

Aphunzitsi, manambala aakulu a pa bokosi ndiwo chinthu chomalizira chimene ine ndingayang'ane, koma tisanafike pa chifukwa chake tiyambe tamvana za ntchito ya chipangizochi. Nyimbo ikakhala m'kompyuta, pa foni kapena pa CD imakhala ili mndandanda wa manambala basi, pomwe sipika imagwedezeka ndi mphamvu ya magetsi imene ikukwera ndi kutsika. DAC ndiyo imasandutsa manambalawo kukhala magetsi okwera ndi kutsika amene ampulifaya yanu imawakuza. Makina anu a CD aja anali nayo m'kati, ndipo kompyuta ili nayonso, kungoti ya m'kompyuta imapanikizana ndi zinthu zambiri zosokoneza magetsi, n'chifukwa chake nthawi zina mumamva kuthetheka kapena kulira kosalekeza kuseri kwa nyimbo.

Manambala awiri a pa bokosiwo akunena zinthu ziwiri zosiyana. Ya kHz ikunena kuti mawu ayezedwa kangati pa sekondi imodzi, ndipo ya bit ikunena kuti muyeso uliwonse walembedwa mwatsatanetsatane motani. CD, imene makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, imayeza maulendo 44,100 pa sekondi, ndiye kuti 44.1 kHz, ndipo muyeso uliwonse imaulemba ndi ma bit 16. Nambala ya 44,100 sanangoitola pamsewu. Masamu a Harry Nyquist ndi Claude Shannon amasonyeza kuti pojambula mawu muyenera kuyeza mopitirira kawiri liwu lokwera kwambiri limene mukufuna kusunga, ndipo khutu la mwana wathanzi limalekezera pafupifupi pa 20 kHz. Makutu a ife amene imvi zatipeza amalekezera pansi ndithu kuposa pamenepo. Ma bit 16 amapereka mpata wa madesibelo pafupifupi 96 pakati pa liwu lotsika kwambiri ndi lofuula kwambiri, ndipo ma bit 24 amapereka 144 powerengera pa pepala. Ndati pa pepala chifukwa waya ndi tizipangizo ta m'kati mwa makina timakhala ndi phokoso lakelake, moti ngakhale ma DAC apamwamba kwambiri amafika pa ma bit 20 kapena 21 enieni. Choncho mukaona 32-bit, dziwani kuti akunena kukula kwa thumba, osati kuchuluka kwa chimanga. Thumba lolowa makilogalamu 90 silionjezera kanthu kwa munthu amene wakolola makilogalamu 50.

Nanga nyimbo zake zili kuti? Malo akuluakulu ogulitsa kapena kuimba nyimbo zapamwamba pa intaneti, monga Qobuz ya ku France, Tidal, ndiponso Apple Music imene inayamba kupereka nyimbo zosafinyidwa mu June 2021, amalekezera pa 24-bit/192 kHz. Nyimbo zojambulidwa pa 768 kHz n'zosowa kwambiri moti simudzakumana nazo pokhapokha mutachita kuzisakasaka dala. Ndiponso phindu la kupitirira muyeso wa CD ndi nkhani imene akatswiri akhala akutsutsana. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran anafalitsa zotsatira za mayeso amene omvera analephera kusiyanitsa nyimbo ya muyeso wapamwamba ndi nyimbo yomweyo itatsitsidwira pa muyeso wa CD. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London anaphatikiza zofufuza 18 ndipo anapeza kuti anthu amatha kusiyanitsa, koma pang'ono zedi, pafupifupi maulendo 52 pa 100 alionse, pomwe munthu wongoyerekeza angakhoze maulendo 50, ngakhale kuti ophunzitsidwa kumvetsera ankachita bwinoko. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri chimbale cha muyeso wapamwamba, umene amati hi-res, chikamveka bwino kuposa CD yake, chifukwa chimakhala chakuti anachikonzanso mosamala ku situdiyo, osati manambalawo. Ngati zili choncho pakati pa 44.1 ndi 192, palibe chimene mudzamve pakati pa 192 ndi 768.

Za MQA ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa mbiri yake ikuyankha funso lanu kuposa masamu onsewa. Njira imeneyi inalengezedwa mu 2014 ndi Bob Stuart wa kampani ya Meridian Audio ya ku Britain. Inkalonjeza kupinda nyimbo ya muyeso wapamwamba kuti ikhale fayilo yaing'ono, kenako DAC yokhala ndi chilolezo n'kuifunyulula. Opanga ma DAC ankalipira chilolezocho, ndipo wogula ndiye ankasenza mtengowo. Kwa zaka zingapo ogulitsa ankauza anthu kuti DAC yopanda MQA yatsalira m'mbuyo, makamaka chifukwa Tidal inkaimba nyimbo zake zapamwamba m'njira imeneyi. Mu April 2023 kampani ya MQA inagwa m'mavuto a zachuma n'kuikidwa m'manja mwa oyang'anira, mu September chaka chomwecho katundu wake anagulidwa ndi kampani ya Lenbrook ya ku Canada, ndipo mu July 2024 Tidal inachotsa MQA n'kuika m'malo mwake FLAC, mtundu wa fayilo umene umachepetsa kukula kwa nyimbo popanda kutaya kanthu. Amene analipira zoonjezera kuti akonzekere za m'tsogolo ndi amene anatsala ndi kanyali ka MQA kosayaka kawirikawiri pa chipangizo chawo. Aka sikanali koyamba. M'zaka za m'ma 1990 kunali HDCD, njira ina yolonjeza mawu abwinoko pa CD, imene Microsoft inaigula mu 2000, ndipo lero ndi ochepa amene akuikumbukira. Pomwe FLAC, imene Josh Coalson anaitulutsa mu 2001 ndipo aliyense amaigwiritsa ntchito popanda kulipira, ndiyo yakhalitsa.

Pali mfundo ina imene ogulitsa saitchula kawirikawiri. DAC yolumikizidwa ku kompyuta siidziwa n'komwe ngati fayilo yanu ndi FLAC, ALAC, WAV kapena MP3. Pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imatsegula fayiloyo n'kutumiza manambala osaphimbidwa, otchedwa PCM, ndipo ndi amenewo DAC imalandira. Mawa kukabwera mtundu wina wa fayilo, chimene chidzafunike kusinthidwa ndi pulogalamu, imene nthawi zambiri ndi yaulere, ndipo bokosi lanu lidzapitiriza ntchito yake monga kale. DSD, njira ina yolembera mawu m'manambala imene inabwera ndi zimbale za SACD (Super Audio CD) mu 1999, ndiyo imayenda njira yakeyake, koma nyimbo zake n'zochepa, zambiri ndi za oimba a zoimbira za zingwe a ku Ulaya ndi za jazi, ndipo kompyuta imatha kuzisandutsa PCM popanda vuto. Ikakhalapo pa DAC imene mwaikonda palibe choipa, koma musaonjezere ndalama chifukwa cha iyo.

Chimene chimakalambitsa DAC ndi mabowo a kumbuyo kwake ndiponso pulogalamu yoiyendetsa, imene amati driver. Kale kunali zipangizo zabwino kwambiri zolumikizidwa pa FireWire, ndipo zambiri zili m'makabati lero ngakhale sizinawonongeke, chifukwa makompyuta anasiya kubwera ndi bowo limenelo. Zina za USB zinafera pa driver: kampani inasiya kuikonzanso, Windows inasintha, ndipo chipangizo chamoyo chinasanduka chokongoletsera tebulo. Choncho muuzeni mwana wanu afunse funso limodzi kwa wogulitsa, lakuti kodi DAC imeneyo imatsatira USB Audio Class 2 ndipo imagwira ntchito popanda driver ya kampani. Makompyuta a Apple ndi a Linux akhala akuzindikira zipangizo zotere kwa nthawi yaitali, ndipo Windows 10 inayamba kuzizindikira yokha mu 2017. Kuonjezera pa USB, pakhale bowo la waya wa kuwala, wotchedwa optical kapena Toslink, ndi bowo la coaxial. Awiriwa akhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, safuna pulogalamu iliyonse, ndipo ndi amene adzakupulumutseni mukadzafuna kulumikiza TV kapena makina ena a CD. Coaxial imafika bwinobwino pa 192 kHz, pomwe optical pa zipangizo zambiri imadalirika mpaka pa 96 kHz. Ubwino wake wa optical ngwakuti imanyamula kuwala, osati magetsi, choncho imadula kung'ung'uza kumene kumabwera kompyuta ndi ampulifaya zikamakokerana pa waya wa pansi.

Ku mbali yotulukira mawu, ampulifaya ya msinkhu wa yanu imafuna mabowo awiri a RCA, lofiira ndi loyera, ndipo mudzalumikiza pamene panali makina a CD paja, osati pa bowo lolembedwa Phono. Mabowo a XLR ndi abwino pamene waya akuyenda mtunda wautali kapena ampulifaya ili nawo, koma kwa inu alibe ntchito. Ngati DAC ili ndi kabatani kokwezera mawu, onetsetsani kuti ingathe kuikidwa pa mlingo wokhazikika, kuti muzikwezera pa ampulifaya monga munazolowera.

Mudzamvanso mikangano ya mayina a tizipangizo ta m'kati, ena akuti ESS, ena AKM, ena Cirrus Logic kapena Burr-Brown. Mu October 2020 fakitale ya AKM ku Nobeoka m'dziko la Japan inapsa, ndipo makampani ambiri anakakamizika kukonzanso ma DAC awo ndi tizipangizo ta makampani ena, nthawi zina dzina la pa bokosi osasintha kwenikweni. Kwa ine zimenezi zinasonyeza kuti luso lagona pa mmene wopanga wakonzera magetsi, wotchi ya m'kati ndi njira yotulutsira mawu, osati pa dzina la kachipangizo kamodzi. Makampani a ku China monga Topping, SMSL ndi FiiO amapanga ma DAC otsika mtengo amene akayezedwa phokoso lake limakhala pansi pa zimene khutu lingamve, ndipo a ku Britain monga Cambridge Audio, iFi ndi Audiolab ndi osavuta kuwapeza kumene mwana wanu ali. Alipo ena, monga ma DAC ena a Schiit a ku America, amene mumatha kusintha mbali ya m'kati ikatuluka yatsopano, koma ubwino umenewu ndi wa munthu wokhala pafupi ndi fakitale. Wa ku Zomba ndalama yotumizira ndi msonkho zingamudyere phindu lonse.

Nkhani ya magetsi ndiyo ikukhudza inu mwachindunji. Mwachita mwayi kuti mphatsoyo ikuchokera ku Britain, kumene amagwiritsa ntchito mavoti 230 ndi pulagi ya mano atatu ngati kwathu kuno. Ikanachokera ku America, kumene ndi mavoti 120, kapena ku Japan, kumene ndi 100, ndikanati muwerenge kaye kumbuyo kwake musanaiike pa soketi. Ine ndimakonda DAC imene chotengera magetsi chake chili padera, cha mavoti 5 kapena 12, chifukwa magetsi akabwera mwaukali atathima, chimene chimapsa kawirikawiri ndi chimenecho, ndipo china mungachipeze m'sitolo ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chikakhala cha m'kati mwa bokosi, mudzafunika mmisiri wodziwa ntchito yake, ndipo chitsimikizo cha wogulitsa chidzakhala chili kutsidya kwa nyanja. Gulaninso kachipangizo kotetezera kamene anthu amaika pa TV kapena pa firiji, ndipo nyengo ya mvula mphenzi zikayamba pa phiri la Zomba, zulani mapulagi onse.

Pa zitatu zimene mwatumiziridwa, ya MQA ichotseni ngati yakwera mtengo chifukwa cha dzinalo. Pa ziwiri zotsalazo tembenuzani zithunzi muone kumbuyo, ndipo musankhe imene ili ndi USB, optical ndi coaxial, ngakhale itakhala ya 24-bit/192 kHz yotsika mtengoyo. Ndalama yotsalayo mwana akugulireni kachipangizo ka USB kowerenga ma CD ndi ma hard drive awiri. Pulogalamu yaulere ya Exact Audio Copy idzakopera zimbale zanu zonse kukhala FLAC popanda kutaya kanthu, ndipo popeza chimbale chimodzi chimatenga mamegabaiti pakati pa 300 ndi 400, hard drive ya 1 TB ingasunge zimbale zoposa 2,000. Ndati awiri chifukwa imodzi idzafa tsiku lina, ndipo inayo muziisunga kutali ndi soketi.

FUNSO

Ndine namwino ndipo ndimagwira ntchito ku Johannesburg. M'sitolo andionetsa bokosi limodzi lokhala ndi DAC komanso lotha kuimba nyimbo za pa intaneti palokha popanda kompyuta. Akuti ndi labwino chifukwa limachepetsa mawaya. Ndikufunanso kuti mawu a TV azitulukira ku masipika omwewo. Kodi ndigule limeneli kapena ndigule zinthu ziwiri zosiyana?

Namwino, Johannesburg

YANKHO

Mayi, wogulitsayo sananame za mawaya, ndipo m'nyumba yaing'ono ya lendi imeneyo si nkhani yochepa. Koma m'bokosi limenelo muli zinthu ziwiri zokalamba mosiyana. Mbali ya DAC ingagwire ntchito zaka 15 kapena 20 osasintha kanthu, pomwe mbali yotenga nyimbo pa intaneti ndi kakompyuta kodalira pulogalamu ya pa foni ndi makina a kampani imene inaipanga, ndiponso kodalira kuti Spotify, Tidal kapena Apple apitirize kugwirizana nayo. Zitsanzo zilipo. Google inatulutsa kachipangizo kotengera nyimbo pa intaneti ka Chromecast Audio mu 2015 n'kusiya kuipanga kumayambiriro kwa 2019. Logitech inasiya kupanga zipangizo zake zotere, zotchedwa Squeezebox, mu 2012, ndipo mu 2024 inatseka makina a pa intaneti amene zipangizozo zinkadalira, moti eni ake anapulumukira ku pulogalamu imene anthu odzipereka amaisamalira. Mu 2020 Sonos inalengeza kuti zipangizo zake zakale sizizilandiranso zatsopano, ndipo ogula anadandaula kwambiri. Pa zonsezi palibe pamene mawu anawonongeka. Chimene chinatha ndi chidwi cha kampani.

Langizo langa n'lakuti ndalama zambiri zipite ku mbali yokhalitsa, ndipo chotengera nyimbo pa intaneti chikhale chotsika mtengo, monga tija ta WiiM, cholumikizidwa ku DAC pa optical kapena coaxial, kuti chikadzatha ntchito mudzataye icho chokha. Ngati mtima wanu uli pa bokosi limodzi, sankhani lokhala ndi mabowo olandirira mawu ochokera kunja, kuti mbali ya intaneti ikadzafa lidzapitirize kukhala DAC wamba.

Za TV, njira yosavuta ndi waya wa optical, koma pali msampha umodzi umene umaopseza anthu ambiri. Muyenera kulowa m'makonzedwe a mawu a TV n'kusankha PCM, chifukwa ikatumiza Dolby Digital, DAC ya nyimbo siitha kuimasulira, ndipo mudzangomva zii kapena phokoso lokanda lotha kuvulaza masipika. Ngati mukufuna kuti rimoti ya TV ndiyo izikweza ndi kutsitsa mawu, funani DAC kapena ampulifaya yokhala ndi bowo la HDMI ARC. Musadere nkhawa za manambala pa mbali imeneyi, popeza mawu a TV nthawi zambiri amayenda pa 48 kHz.

FUNSO

Ine kompyuta ndilibe, nyimbo zonse ndimamvera pa foni ya Android. Ndaona DAC ya Bluetooth yolembedwa Hi-Res ndi LDAC. Kodi ikhoza kundipatsa mawu apamwambawo popanda waya? Komanso bandulo yanga ikumatha msanga chiyambireni kusankha muyeso wapamwamba.

Wokonda nyimbo, Ndirande

YANKHO

Achimwene, Bluetooth ndi njira yopapatiza, ndipo nyimbo imafinyidwa kuti idutsemo. LDAC, imene inapangidwa ndi Sony, ndi imodzi mwa njira zotakasukako, koma imalekezera pa 990 kbps, umene ndi muyeso wa kuchuluka kwa ma bit odutsa pa sekondi, ndipo foni imatsika pansi pa pamenepo ikaona kuti kulumikizana kukuvuta. CD yosafinyidwa imafuna 1,411 kbps, ndipo nyimbo ya 24-bit/96 kHz imafuna 4,608 kbps. Choncho chizindikiro cha Hi-Res pa bokosi la Bluetooth chikutanthauza kuti chipangizocho chimalandira nyimbo yotere, koma mbali ina imatayidwa panjira. Sindikunena kuti LDAC imamveka moipa, pakuti imamveka bwino ndithu, koma mukulipira bandulo ya katundu amene sakufika yense ku makutu anu.

Ndipo bandulo yake si yamasewera. Malinga ndi mawerengedwe a Apple omwe, nyimbo ya mphindi zitatu imadya mamegabaiti 6 pa muyeso wamba wabwino, 36 ikakhala yosafinyidwa ya 24-bit/48 kHz, ndi 145 ikakhala ya 24-bit/192 kHz. Bandulo ya 1 GB ingathe ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri zokha pa muyeso womalizawu. Kuonjezera apo mafoni ambiri a Android amasandutsa mawu onse kukhala 48 kHz asanawatulutse, pokhapokha mutagwiritsa ntchito pulogalamu yolambalala zimenezi monga USB Audio Player PRO.

Gulani ka DAC kakang'ono kolowa pa bowo la USB-C, kooneka ngati kachidutswa ka waya, mulumikize mahedifoni a waya kapena ampulifaya, ndipo muyeso muuike pa wa CD. Nyimbo zimene mumazikonda muzizikopera pa foni mukapeza Wi-Fi, m'malo moziimba pa intaneti tsiku ndi tsiku. Chenjeraninso ndi amene amakopera nyimbo m'misika n'kumati ndi za 24-bit. Nyimbo zambiri za kwathu kuno zimayenda ngati MP3 pa WhatsApp ndi pa memori khadi, ndipo munthu angathe kusandutsa MP3 kukhala FLAC yaikulu m'masekondi ochepa, koma zimene zinatayidwa pofinya sizibwerera, ngakhale pa DAC yodula motani. Ngati pali woimba amene mumamukonda ndipo amagulitsa yekha nyimbo zake, mufunseni ngati angakugulitseni WAV kapena FLAC yochokera ku situdiyo.